Kwa osamala njoka, m'munsi mwa phiri la Mulanje

Lolemba

Ndafika bwino. Minibasi yathu inadzera msewu wa ku Thyolo osati wa Midima, ndiye tinaima pa Bvumbwe, pa Thyolo boma, pa Luchenza, ndi paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pofika pa Chitakale dzuwa linali litapendeka. Wakabaza atamva kumene ndikupita anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kwa anjoka aja? Ndikakusiyani pa mlatho, achimwene. Kwinako mukayenda nokha."

Ndipo anandisiyadi pa mlatho.

Malo ake ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Pali nyumba yakale ya njerwa, khonde lalitali, ndi chipinda china chimene muli mabokosi a matabwa okhala ndi galasi kutsogolo. Kuseri kuli makola a simenti a afulu ndi ang'azi. Amene amayang'anira ndi bambo wachikulire yemwe aliyense amangomutchula kuti a Madala. Anagwira ntchito ya ukapitawo pa esiteti ya tiyi zaka zambiri, ndipo ndi kumeneko anayambira kuitanidwa njoka ikapezeka mu mzere wa othyola tiyi. Pali asisi ena amene anaphunzira zosamala ziweto, iwo ndi amene amatsuka mabala ndi kulemba m'buku. Palinso mnyamata wa m'mudzi womwewu, amene amayendetsa njinga yamoto ndi kuweta makoswe. Chilolezo chochokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire anachipachika pakhoma m'pepala la pulasitiki, pafupi ndi kalendala ya sitolo ya fetereza.

Ndisanamwe ndi madzi omwe, a Madala anandiuza malamulo. Bokosi lililonse lokhala ndi loko wopakidwa penti yofiira muli njoka yaululu, ndipo ine sindiyenera kulikhudza ngakhale atandituma ndani. Dzanja lisapite pamene maso sanafike. Usiku, ngakhale ndikungopita kuchimbudzi, majombo ndi tochi.

Ndatenga tchuthi kuntchito ku Blantyre kuti ndidzathandize kuno, ndipo mayi anga atamva anangoti, "Anzako akamapita kunyanja pa tchuthi, iwe ukupita kukatola chiyani?" Kwathu njoka ikaoneka pabwalo, panalibe kufunsa kuti ndi yamtundu wanji. Wina ankathamangira khasu, wina mwala.

Kukutentha kwambiri. Akuti mvula ili pafupi, ndipo ndiyo nyengo imene foni ya a Madala sipuma.

Lachiwiri

Amene akuganiza kuti ndabwera kudzalimbana ndi mamba adikire kaye. Lero ndatsuka mbale zamadzi, ndakolopa, ndasesa ndowe za afulu, ndipo ndakhala nthawi yaitali m'chipinda cha makoswe, chomwe fungo lake ndikulimvabe m'malaya. Njoka sizidya ndiwo zamasamba. Ukasunga njoka, wasunganso makoswe, ndipo makoswewo amafuna madeya, madzi ndi utuchi watsopano. Mnyamata uja akuti ndalama zambiri pano zimathera pa makoswe ndi petulo.

Afulu alipo amitundu iwiri. Ena ndi aakulu, a mawangamawanga ngati kambuku, ena ndi aang'ono amene chigoba chawo chimapindika kumbuyo n'kutseka miyendo akaopsezedwa. Ambiri analandidwa kwa anthu amene ankawagulitsa m'mbali mwa msewu. Mmodzi ali ndi bowo m'mphepete mwa chigoba. Wina anamuboola ndi msomali wamoto kuti amumange chingwe ngati mbuzi. Asisi anandiuza kuti chigoba si nyumba imene fulu amangolowamo. Ndi fupa lake lenileni, nthiti ndi msana zinalumikizana momwemo, ndipo amamva kuwawa. Nditamunyamula kuti ndisese pansi pake anandithira mkodzo m'manja monse. Mnyamata uja anaseka mpaka kukhala pansi, amvekere, "Akuluakulu sananame, fulu amanyerera amene wam'tola!" Asisi sanaseke kwenikweni. Akuti madzi amenewo ndi nkhokwe ya fulu ya m'chilimwe, ndipo amene amatola afulu kutchire n'kuwasiya atawataya amakhala atawalanda madzi a masabata ambiri. Anandituma kukamuika m'beseni la madzi osaya kuti amwe.

Ntchito yaikulu inali masana. Pali nsato imene inabwera sabata zapitazo itakodwa mu msampha wa waya umene munthu anatchera agwape. Wayayo anadya mnofu kuzungulira thupi. Kuti aitsuke bala pamafunika anthu atatu. A Madala anagwira kumutu, mnyamata kumchira, ine pakati. Ndinkayembekeza chinthu choterera ndi chonyowa, koma khungu lake ndi louma, losalala, lozizirira pang'ono, ndipo pansi pa khungulo mumayenda mphamvu yoopsa. Ikangodzikoka pang'ono, mikono yanga yonse inkatsatira. Asisi anatsuka balalo ndi madzi amchere, anapaka mankhwala ofiirira aja amene amapaka kuchipatala, kenako anayamba kuzula nkhupakupa zimene zinabisala pakati pa mamba pafupi ndi khosi. Ankagwira iliyonse pamutu ndi kachopanira, kuikoka pang'onopang'ono, n'kuiponya m'kabotolo ka sipiriti. Nsatoyo inkapuma mwamphamvu, ndipo mpweya wake ndinkaumva m'zikhatho zanga usanatuluke m'mphuno.

Poiyeza, amailowetsa m'thumba, kulimanga, n'kulikoleka pa sikelo yonga ya ogula nandolo. Yatsika thupi. Chibwerereni sinadye, koma a Madala akuti nsato imatha miyezi osadya, vuto lingakhale balalo likayamba mafinya.

Anandikumbutsanso kuti kumunsi, ku Nsanje, nsato saiona ngati nyama wamba. Ku Khulubvi amakhulupirira kuti Mbona amabwera ngati nsato. Kuno anthu ena amaifuna chifukwa cha chikopa ndi mafuta.

Lachitatu

Foni inalira tikumwa tiyi. Mayi wina wapeza mphiri pansi pa mtolo wa nkhuni kuseri kwa khitchini yake. Tinakwera atatu pa njinga imodzi, ine pakati nditanyamula ndowa yokhala ndi chivindikiro chomanga, a Madala kumbuyo ndi ndodo yawo ya mbedza.

Njira inadutsa m'minda ya tiyi. Tiyi wa kuno ndi wakale, analimidwa koyamba ku Mulanje cha m'ma 1890, ndipo mizere yake imafika mpaka m'tsinde mwa phiri. Othyola anali ochepa chifukwa masamba sanaphuke kwambiri, akudikira mvula. Amene tinawapeza anali ndi madengu kumsana, ena atavala mapepala apulasitiki m'chiuno, ndipo angapo anali opanda nsapato. Munthu wothyola tiyi saona pamene akuponda, tchire la tiyi limamufika m'chiuno. A Madala akuti pa zaka zawo zonse za ukapitawo, ambiri amene analumidwa analumidwa kuphazi kapena pa kakolo, ndipo majombo okha akanapulumutsa ochuluka.

Tinapeza mudzi wonse utazungulira khitchini, anyamata atanyamula kale miyala. Mayiyo anawaletsa chifukwa mlamu wawo anamva kuti kuli anthu amene amabwera kudzatenga.

Mphiri ndi njoka yosathawa. Zinzake zikamva mgugu wa mapazi zimachoka, koma iyo imadalira mawanga ake, imangokhala duu, n'chifukwa chake anthu amaiponda. Ngakhale a Madala atandilozera, ndinaona masamba ouma okhaokha mpaka pamene inafufuma n'kutulutsa mpweya, phokoso lake lomveka patali. Ndi yaifupi, yonenepa, mutu wake wotambalala. Anachotsa nkhuni imodziimodzi ndi mbedza, osafulumira. Kenako anailowetsa mbedza pansi pa mimba, kuinyamula pang'ono, n'kuitsitsira m'ndowa. Sanaigwire ndi dzanja, sanachite chilichonse choti anthu aombere m'manja. Anyamata ena anaoneka okhumudwa.

Kenako anakhala pa mpando umene anawapatsa n'kuyamba kucheza ndi mayiyo, ndipo apa ndi pamene panapita nthawi. Anawafunsa kumene amasunga chimanga, ngati m'nyumba muli makoswe, ndi chifukwa chake nkhuni zili zotsamira khoma.

"Mayi, njoka sinabwerere inu. Yatsata makoswe. Makoswe atsata gaga ameneyu. Nkhunizi muziike pa thandala, patali ndi khoma, ndipo udzu uwu mulambule."

"Nanga ana ake? Paja amati ukaona imodzi ndiye kuti pali zambiri."

Anawafotokozera kuti mphiri siikira mazira, imabereka ana amoyo, nthawi zina makumi angapo pakamodzi, koma anawo amabalalika tsiku lomwelo, sakhala ndi make. Mayiyo sanakhutire kwenikweni. Anatipatsa mango odzaza jumbo, ndipo anapempha kuti tikaitaye kutali, kuseri kwa phiri.

Kuseri kwa phiri sitinapite. A Madala akuti njoka ukaipititsa kutali kwambiri ndi kumene inazolowera imangoyendayenda osadya, ndipo zambiri zimafa. Tinaisiya m'tchire la miyala m'mbali mwa nkhalango, kumene kulibe nyumba kapena njira ya otola nkhuni. Petulo wa ulendo wonsewu palibe analipira. Ndinafunsa chifukwa chake sauza anthu kuti aziperekako kangachepe. Anayankha kuti tsiku limene adzayambe kulipiritsa, foni idzasiya kulira, chifukwa mwala ndi waulere.

Lachinayi

Mvula yagwa. Inayamba cha m'ma 2 koloko masana, yamphamvu, ndipo madzi a m'mitsinje yochokera m'phiri anasanduka ofiira nthawi yomweyo. Madzulo ngumbi zinatuluka, achule anayamba phokoso, ndipo mnyamata uja anatchera beseni pansi pa nyali. Zina tinakazinga, zina anapatsa abuluzi ndi ananzikambe.

Magetsi atazima tinakhala pakhonde, nkhani n'kufika pa Napolo. Kuno simungakambe za njoka osafika pamenepo. Akuluakulu amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, ndipo chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka, kukokolola miyala, mitengo, nyumba ndi anthu. A Madala anaona ndi maso awo za ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi. Za namondwe Freddy mu Malichi 2023 aliyense pakhondepo anali ndi yake yonena, ndipo asisi anataya achibale. Akuti madzi ataphwa, njoka zinkapezeka paliponse, m'makalasi mmene anthu anathawira, m'madenga, m'mitengo, chifukwa nazonso mauna awo anadzaza madzi.

Ndinafunsa a Madala ngati amakhulupirira za Napolo. Anati iwo njoka zonse za m'phirili amazidziwa kukula kwake, ndipo palibe ingagubuduze mwala waukulu ngati nyumba. Koma anawonjeza kuti agogo awo ankadziwa makwawa amene Napolo amadutsa, ndipo sankalola munthu kumanga kapena kudula mitengo mmenemo. Pano m'makwawa omwewo muli minda ndi nyumba.

Lachisanu

Lero sitinagwire njoka. Tinapita ku msonkhano umene a mfumu a mudzi wina anaitanitsa pansi pa mtengo wa mango, ndipo kwa ine ili ndilo tsiku lolemera kuposa onse chifikireni.

Asisi ndi amene anayankhula. Anayamba ndi zoyenera kuchita munthu akalumidwa. Achoke pamene pali njokayo. Avule mphete, zibangiri ndi nsapato chifukwa malowo atupa. Asathamange, anyamulidwe, mwendo kapena mkono usagwedezeke, ndipo apite kuchipatala nthawi yomweyo. Kenako ananena zoletsedwa, ndipo apa ndi pamene anthu anayamba kung'ung'udza: osamanga ndi lamba kapena mphira, osatema mphini, osayamwa bala, osadalira mwala wakuda uja amaumata pabala. Anafotokoza kuti ululu wa mphiri umaononga mnofu pamalo pomwe yaluma, ndiye ukamanga mwamphamvu umautsekera pamodzi ndi kuletsa magazi, mapeto ake mwendo umaola. Wa mamba ndi wina, umagwira mitsempha, zikope zimalemera, munthu amalephera kumeza kenako kupuma, ndipo ameneyu chofunika ndi kufika msanga kumene angamuthandize kupuma. Nalikukuti, uja amaoneka ngati kamtengo kouma, saluma wamba, koma ululu wake umachititsa magazi kusagwirana, ndipo jakisoni wake kulibe kulikonse.

Ananenanso za njoka yolavula ija, imene imatha kuponya malovu ake m'maso mwa munthu ali pa mtunda wa mamita awiri. Mankhwala ake oyamba ndi madzi basi, ambiri, kutsuka diso kwa nthawi yaitali, osati mkodzo kapena masamba otafuna. Njoka imeneyi imalowa m'nyumba usiku kufuna achule ndi makoswe, ndipo imaluma anthu ali m'tulo. Anawauza kuti neti ya udzudzu yopisiridwa bwino pansi pa mphasa imatchinga zambiri kuposa udzudzu.

Atatha, bambo wina wachikulire anaimirira ndi ndodo. Mwendo wake wakumanzere unali wopyapyala, wa zipsera kuyambira pa kakolo mpaka pa bondo.

"Mwayankhula bwino, mwana wanga. Koma ine inandiluma usiku, mvula ikugwa. Kuchoka pano kukafika pa msewu ndi maola awiri pa machira. Titafika kuchipatala anati mankhwala ake palibe, atitumiza kwina. Ndiye mukuti ndisapite kwa asing'anga amene ali khomo lachitatu kuchoka panga? Ndipo mukuti ndikaiona pabwalo pamene adzukulu anga amasewera, ndiisiye, ndiyambe kufunafuna mayunitsi?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Ine ndinaona kuti bamboyo sakulakwa ngakhale pang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo mu 2017 linaika vutoli m'gulu la matenda a m'maiko otentha amene sasamalidwa mokwanira. Cholinga chawo ndi kuchepetsa imfa ndi kulumala ndi theka pofika 2030. Koma amene amalumidwa ndi alimi, othyola tiyi, amayi otola nkhuni ndi ana oweta mbuzi, anthu amene alibe ndalama zoti makampani opanga mankhwala aziwathamangira. Jakisoni wa ululu wa njoka wodziwika kwambiri kuchigawo chino cha Africa amapangidwa ku Johannesburg kuchokera ku magazi a akavalo, ndi wodula, amafuna furiji, ndipo munthu mmodzi angafunike mabotolo angapo. Amathanso kumudwalitsa munthu mwadzidzidzi pomubaya, n'chifukwa chake amaperekedwa kuchipatala kokha. Ndiye kuuza munthu wa m'mudzi uno kuti njoka ndi bwenzi la mlimi chifukwa imadya makoswe, n'zoona, koma ndi zoona zotsika mtengo kwa ife amene timagona m'nyumba za simenti pafupi ndi chipatala cha Queens.

Ndinkadikira kuti a Madala ateteze njoka. Anaimirira, anavula chipewa, n'kunena kuti, "Bambo, ikalowa m'nyumba muli ana ndipo ife tili kutali, chitani zimene mungathe, sindidzabwera kudzakudzudzulani. Koma dziwani kuti ambiri amene ndawaona atalumidwa m'manja, inawaluma akuipha. Mukatha kutulutsa ana n'kutseka chitseko, tsekani, muchite kondifulasha chabe, ine ndiimba." Anawonjeza kuti ngakhale amati kupha njoka n'kudula mutu, mutu woduka umalumabe kwa kanthawi, ndiye ana asamauseweretse.

Pa nkhani ya asing'anga sanalimbane nawo. Anapempha a mfumu kuti akambirane ndi asing'anga a m'deralo kuti wolumidwa akafika kwa iwo asamugoneke, amuperekeze kuchipatala. Anagwirizananso kuti anyamata awiri a kabaza adziwike kuti ndiwo odzutsidwa usiku, ndipo mudzi uzisonkha kandalama ka petulo. Kaya zichitika, tiona. Koma msonkhano unatha anthu akukangana za ndalama ya petulo, osati za ufiti, ndipo asisi akuti kumeneko ndi kupita patsogolo.

Loweruka

Miyendo ikuwawa, ndilemba mmene ndingathere.

Masana tinapita ndi ananzikambe awiri amene ana asukulu anabweretsa m'katoni, kukawabwezera kutchire. Nanzikambe saluma munthu n'kumupweteka, alibe ululu, koma anthu akuluakulu amamuthawa kuposa mphiri. Tonse tinakula ndi nthano ija yakuti anatumidwa ndi uthenga wakuti anthu akafa adzadzukanso, koma anazengereza m'njira mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Mnyamata wathu, yemwe amagwira mchira wa nsato osaphethira, nanzikambe samukhudza. Ndinamufunsa chifukwa chake, anangoti, "Ameneyo ayi, achimwene."

Kutada tinalowa m'nkhalango ya m'tsinde mwa phiri, chakumbali ya mtsinje wa Ruo, ndi mlonda wa nkhalango amene amadziwana ndi a Madala. Ananzikambe amafunidwa usiku, chifukwa akagona amayera, ndipo tochi ikawaunika amaoneka pakati pa masamba. Phiri la Mulanje lili ndi mitundu yake imene sipezeka kwina. Wina akatswiri amamutcha Nadzikambia mlanjensis, amakhala m'mwamba m'mitengo ya nkhalango yobiriwira chaka chonse. Ameneyu sitinamuone. Tinaona wamng'ono uja, Rhampholeon platyceps, atagona pa kanthambi kofika m'bondo. Thupi lake lonse silifika kutalika kwa chala changa chapakati, mchira waufupi, mtundu wa tsamba louma, ndipo ngakhale mizere ya m'nthiti mwake ikufanana ndi mitsempha ya tsamba. Tochi itamuunika anatsegula diso limodzi, kulizunguza, n'kulitsekanso. A Madala sanalole kuti timugwire.

Tizilombo totere sitiyenda mtunda. Nkhalango ikadulidwa pakati, a mbali ino ndi a mbali iyo sadzakumananso. Mbale wa nanzikambe wamng'onoyu wa ku mapiri a ku Nsanje, Rhampholeon chapmanorum, anatsala pang'ono kuyesedwa kuti anatha, mpaka ofufuza anamupezanso mu 2016 m'tizigawo ta nkhalango totsala. Kunonso tinkayenda tikumva fungo la uvuni wa makala, ndipo zitsa zatsopano zinali mbali zonse za njira. Anthu akamakamba za kuonongeka kwa phirili amatchula mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene watsala pang'ono kutheratu pamwamba apo. Alendo amabwera kudzakwera Sapitwa, mamita 3,002, n'kujambulitsa. Za kanyama aka ka m'munsi, m'nkhalango imene ili pafupi kwambiri ndi nkhwangwa, sindinamvepo munthu akudandaula pa wailesi.

Pano pamalo athu nanzikambe wa mtundu umenewu sasungidwa. A Madala akuti akamuika m'bokosi amafa, ndipo palibe khola limene angamange loposa nthambi imene tinamupezapo.

Lamulungu

M'mawa ndinapita kutchalitchi ndi asisi. Potuluka amayi ena anandiloza n'kunong'onezana, wina n'kubwera kudzafunsa ngati ndinatemera mankhwala a njoka. Nditakana anaseka, osakhulupirira. A Madala nawonso anthu amati ali ndi mphini. Iwo amayankha poonetsa mbedza ndi magalasi otchinga maso.

Masana foni inalira, akuti mamba yalowa m'khola la nkhuku. Njinga inavuta kulira, matope analinso ambiri, ndipo tinafika mochedwa. Tinaipeza ataipachika pa mtengo, mutu wophwanyika.

Sinali mamba. Inali njoka yofiirira ija ya m'nyumba, yopanda ululu, yokhala ndi timizere tiwiri toyera m'mbali mwa mutu, imene chakudya chake chachikulu ndi makoswe. Pamimba pake panali potupa. A Madala anang'amba ndi mpeni anthu akuona, ndipo munatuluka khoswe wathunthu, osati mwanapiye kapena dzira. Mwini khola anagwira pakamwa.

Sanamukalipire. Anaitana ana kuti ayandikire, anawaonetsa timizere ta kumutu, n'kuwauza kuti mamba yeniyeni ndi yaitali kwambiri, yotuwa, mutu wake wautali, ndipo chakuda ndi m'kamwa mwake, osati khungu. Koma anawachenjezanso kuti asayambe kutola njoka poganiza kuti aizindikira, chifukwa madzulo, m'khola lamdima, ngakhale iwo amayamba aunika kawiri. Kenako anapepesa kwa mwini nyumba chifukwa chochedwa. Pobwerera sanayankhule njira yonse, kupatula kuuza mnyamata uja kuti mawa njinga ipite kwa makaniko.

Usiku ndinawafunsa za malamulo, ngati munthu angamangidwe chifukwa chopha njoka. Anati lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Malonda a zikopa za nsato ndi afulu amoyo kupita kunja amayang'aniridwa ndi pangano la maiko la CITES. Koma iwo akuti sanayambe aopsezapo munthu wa m'mudzi ndi apolisi chifukwa cha njoka ya m'khola lake. Amene amawanenera ndi ogulitsa.

Lolemba

Nsato yadya. Asisi anaiikira khoswe wakufa usiku, ndipo m'mawa tapeza palibe, pamimba pali chotupa. Maso ake ayambanso kuchita mbuu, chizindikiro chakuti ili pafupi kufundula. Akuti ikafundula adzaona bwino mmene bala lapolera, ndipo likakhala louma adzaibweza kudambo lakutali ndi midzi mvula isanathe. Kwa masiku angapo saigwira, chifukwa njoka ikasokonezedwa itangodya imasanza.

Fulu wa bowo uja sabwerera kutchire msanga. Palibe akudziwa kumene anatoledwa, ndipo wakhala nthawi yaitali pakati pa nkhuku ndi anthu, ndiye akhoza kutengera anzake matenda. Alembera a nthambi ya nyama zakutchire kuti anene ngati apite ku malo osamalira nyama a ku Lilongwe kapena akhale konkuno.

Ndatsuka mbale zamadzi komaliza, ndasiya majombo anga kwa mnyamata uja popeza ake anabooka, ndipo ndalipira makaniko wa njinga. Asisi andilembera pakapepala zimene ndingawatumizire kuchokera ku Limbe: magalasi otchinga maso awiri, mabatire a tochi, ndowa za zivindikiro zomanga, ndi maloko ang'onoang'ono. Penti yofiira akuti ilipo.

A Madala sanandiperekeze. Foni inalira ndikumanga chikwama, akuti ng'azi yagwera m'chitsime cha pa sukulu ina cha ku Muloza, ndipo ana ayamba kale kuigenda. Njinga ili kwa makaniko mpaka masana, ndiye anyamuka pa kabaza, chingwe ndi thumba zili pamwendo.